MITU ITATU KUTSOGOLO KWA KANEMA

Pali lamulo lina limene silinalembedwe m'buku liri lonse, koma pafupi-fupi nyumba iri yonse yokhala ndi wailesi ya kanema imalidziwa ndi kulisunga: kanema akayamba, pakamwa patsekedwe. Mwana akafunsa funso amauzidwa kuti akhale cete. Mlendo akafika amangomulozera mpando ndi cala, moni weni-weni adzapatsana sewero likatha. Mwezi uno ndifuna ndikufotokozereni za sewero lina la pa wailesi ya kanema ku America, limene nchito yake yonse inali kuswa lamulo limeneli. Dzina lake ndi Mystery Science Theater 3000, ndipo olikonda amangolidula kuti MST3K. M'seweroli munthu mmodzi ndi zidole ziwiri amakhala pansi naonera filimu yakale yosakonzedwa bwino, nayamba kuiyankha ndi kuiseka kuyambira poyamba kufikira pothera. Cingaoneke ngati cibwana cabe, koma m'cibwana cimeneci muli mafunso awiri oyenera makolo kuwalingalira. Loyamba, kodi banja liyenera kukhala motani pamaso pa kanema? Laciwiri, kodi kuseka kwabwino kumalekana pati ndi citonzo?

Mmene linayambira

Seweroli linabadwira ku Minneapolis, mzinda wozizira kwambiri wa m'dera la Minnesota, kumpoto kwa United States. Mwini nzeru anali Joel Hodgson, mnyamata wodziwa nthabwala ndi matsenga a manja, amene anali atayamba kuchuka ku Los Angeles, koma moyo wa kumeneko unamtopetsa, nabwerera ku Minneapolis kumene anayambira nchito yake. Mumzindamo munali nyumba yaing'ono youlutsira kanema yochedwa KTMA, yosauka pa ndalama koma yosunga mafilimu ambiri akale amene anthu anali atawaiwala. Hodgson anagwirizana ndi Jim Mallon, mmodzi wa oyang'anira nchito pa nyumbayo, pamodzi ndi Trace Beaulieu, Josh Weinstein ndi Kevin Murphy, ndipo pa 24 Novembala 1988, tsiku la cikondwerero ca Thanksgiving, seweroli linaulutsidwa koyamba. Ndalama zokonzera gawo limodzi zinali madola 250 okha.

Nthano yake iri motere. Joel ndi munthu wamba, wosesa m'nyumba yogwiriramo nchito asayansi. Asayansi awiri a mitu yosokonezeka, wamkulu wao Dr. Clayton Forrester, amugwira namuponya m'combo ca mumlengalenga cochedwa Satellite of Love, namukakamiza kuonera mafilimu oipa, imodzi pambuyo pa inzake. Colinga cao ndi kupeza filimu yoipitsitsa, yoti ingathe kupengetsa munthu, kuti akaipeza aigwiritse nchito pogonjetsa dziko lonse lapansi. Joel, poona kuti ali yekha-yekha ndipo mutu ungamuzungulire, atola zitsulo za m'combomo nadzipangira anzake, ndiwo maroboti. Kwathu kuno tikamva za maroboti timaganiza za magetsi ofiira ndi obiriwira a pa mphambano za miseu, koma m'nthano za sayansi roboti ndi makina opangidwa monga munthu, oyenda ndi kulankhula. Awiri mwa iwo, Crow ndi Tom Servo, ndiwo amalowa naye m'cipinda coonera mafilimu.

Maroboti amenewa anali zidole zopangidwa ndi zinthu zotayidwa ndi zogula kwa ogulitsa katundu wakale. Mutu wa Tom Servo unali kamakina kogulitsira maswiti. Mlomo wa Crow unali cibonga ca pulasitiki ca masewera a bowling. Gypsy, roboti yosamalira combo, mutu wake unali mpando wa mwana wa m'galimoto, diso lake tochi. Woonera kunyumba amaona filimu yakaleyo pa kanema wake, koma m'munsi mwake muli mzere wa mipando yakuda, ndipo ca kumanja kuli mitu itatu yooneka ngati zithunzi-thunzi, monga momwe mumaonera anthu okhala kutsogolo kwanu m'nyumba ya sinema. Mitu itatu imeneyi ndiyo imalankhula.

Cifukwa cake mafilimu otere anaculuka

Kuti timvetse cimene anali kuseka, tiyambe tadziwa kumene mafilimuwa anacokera. Bomba la atomu litaphulika ku Hiroshima ndi ku Nagasaki m'caka ca 1945, anthu a ku America anakhala ndi mantha atsopano. Anali kuopa nkhondo ndi dziko la Soviet Union, kuopa mphamvu yosaoneka ya atomu, ndipo Arasha ataponya Sputnik mumlengalenga mu 1957, anayamba kuopanso thambo leni-lenilo. Mantha ndi malonda. Okonza mafilimu anaona kuti anthu adzalipira kuti aone nyerere zazikulu ngati njobvu, alendo ocokera ku nyenyezi zina, ndi anthu osandulika zirombo cifukwa ca atomu.

Msika unalipo waukulu. Pofika 1958 ku America kunali mabwalo oposa 4,000 kumene anthu anali kuonera mafilimu usiku ali khale m'magalimoto ao, ndipo ambiri mwa iwo anali anyamata ndi atsikana. Pa tikiti imodzi munthu anali kuonera mafilimu awiri, cotero panafunika mafilimu ambiri, okonzedwa msanga ndi ndalama zocepa. Kampani ina yochedwa American International Pictures, ya James Nicholson ndi Samuel Arkoff, inali ndi njira yake: inali kuyamba yapeka dzina loopsa la filimu ndi kujambula cithunzi coitanira anthu, ndipo eni nyumba za sinema akacikonda, pamenepo mpamene inali kufuna wolemba nkhani yake. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pa cithunzi ca pakhomo panali cirombo cogwetsa mizinda. M'kati mwa filimu munali munthu wovala cigoba ca mphira, akupunthwa cifukwa cosaona bwino kumene akupita.

Zitsanzo zake nzoseketsa zedi. Mu Robot Monster ya 1953, imene Phil Tucker anaijambula m'masiku anai ndi madola 16,000, munafunika roboti yoopsa imene yapha anthu onse a pa dziko kupatula anthu owerengeka. Ndalama zopangira robotiyo panalibe. Tucker anali ndi bwenzi lokhala ndi covala ca nyani wamkulu wochedwa gorila, cotero anamuveka cimeneco, namuika kumutu cisoti ca citsulo conga ca anthu omira pansi pa nyanja, cokhala ndi tinyanga tiwiri ta waya. Makina ake oopsa anali kutulutsa thovu la sopo. Mu Beginning of the End ya 1957, Bert I. Gordon anafuna kuonetsa ziwala zazikulu zikuononga mzinda wa Chicago. Anagula ziwala zamoyo 200, naziika pa zithunzi za nyumba zitali-zitali za mzindawo kuti zizikwawa pamenepo. Ciwala sicidziwa pamene pathera khoma ndi pamene payambira thambo, motero zina zimaoneka zikuyenda pa mitambo. Pamene anali kutsiriza kujambula, zambiri zinali zitadyana zokha-zokha. Mu The Killer Shrews ya 1959, zirombo zodya anthu ndi agalu ovekedwa zidutswa za kapeti ndi mano abodza. Mu The Giant Spider Invasion ya 1975, kangaude wamkulu ndi galimoto ya Volkswagen Beetle yokutidwa ndi ubweya, yomangiriridwa miyendo isanu ndi itatu. Ndipo mu Space Mutiny ya 1988, imene inajambulidwa ku South Africa, combo ca mumlengalenga ciri ndi makoma a njerwa ndi mazenera olowa dzuwa, ndipo mkazi wina amene waphedwa kumene amaonekanso posacedwa atakhala pa desiki yake, akugwira nchito ngati palibe cacitika.

Kuseka nakonso ndi nchito

Wina angaganize kuti kuseka zotere nkosavuta, kuti munthu ali yense angathe kukhala pansi nalankhula zimene zabwera m'mutu. Poyamba pa KTMA anali kucita motero ndithu, ndipo nthawi zambiri mitu itatuyo inali kungokhala duu, yosowa conena. Koma mu 1989, seweroli litatengedwa ndi Comedy Channel, imene pambuyo pake inasanduka Comedy Central, nayamba kuonedwa m'dziko lonse, anasintha kacitidwe. Gulu la olemba linali kukhala m'cipinda cimodzi ku Eden Prairie, kunja kwa Minneapolis, nilionera filimu imodzi kangapo, kuimitsa ndi kubwereza, kuimitsa ndi kubwereza, wina akulemba nthabwala iri yonse pamodzi ndi mphindi yake yeni-yeni yoinenera. M'gawo limodzi munali kulowa nthabwala zoposa 600. Zina zinali za ana, zina zinali kufuna munthu wowerenga mabuku a Shakespeare kapena wodziwa mbiri ya dziko, ndipo olembawo sanali kudandaula ngati nthabwala ina idzamvedwa ndi anthu owerengeka okha.

Apa pali cinthu codabwitsa. Anthu amene anali kuseka mafilimuwa ndiwo anawaonera mosamala koposa munthu wina ali yense, mwina koposa eni ake amene. Kuona maso a nkhono nkudekha. Sungaone kuti mkazi wophedwa uja wabwereranso pa desiki ngati ukuonera ukuodzera.

Anaphunziranso kusamala pa zimene akulowetsa m'nyumba za anthu. Mu 1990 anasankha filimu yochedwa The Sidehackers ataona ciyambi cake cokha. Atayamba kulemba nthabwala anapeza kuti pakati pake pali malo pamene mkazi akucitidwa nkhanza zoopsa ndi kuphedwa. Anadula malowo, pakuti panalibe coseketsa, ndipo kuyambira pamenepo anaika lamulo lakuti filimu iri yonse aziyamba aionera yonse asanaivomere. Lamulo limeneli likanathandiza makolo ambiri amene amapatsa ana filimu atangoona cithunzi ca pa cikuto.

Hodgson anacoka m'seweroli mu 1993, ndipo Michael J. Nelson, mkulu wa olemba, analowa m'malo mwake. Seweroli linalandira mphoto ya Peabody ya caka ca 1993, imodzi mwa mphoto zolemekezeka za oulutsa mau ndi kanema ku America. Mu 1996 linaturuka ngati filimu ya m'nyumba za sinema. Caka comweco Comedy Central inalileka, koma oonera analemba makalata ambiri, ndipo Sci-Fi Channel inalitenga kuyambira 1997 kufikira 1999. Pofika pamenepo magawo ake anali pafupi-fupi 200. M'zaka zoyamba, kumathero kwa gawo liri lonse kunali mau olimbikitsa oonera kuti apitirize kubwerekana matepi a vidiyo, ndipo ndi njira imeneyi, ya dzanja ndi dzanja, imene seweroli linafikira m'mizinda imene linali lisanaulutsidwe. Mu 2015 anthu oposa 48,000 anasonkha pa intaneti madola oposa 5.7 miliyoni kuti liyambenso, ndipo linaoneka pa Netflix mu 2017 ndi 2018, Jonah Ray ali pa mpando wa Joel. Mu 2021 anasonkhanso madola oposa 6 miliyoni, magawo ena naturuka mu 2022. Nelson, Murphy ndi Bill Corbett anapitiriza nchito yofanana nayo pansi pa dzina la RiffTrax, limene linayamba mu 2006.

Woonera wogalamuka

Tibwerere ku funso lathu loyamba. Kodi ncifukwa ciani anthu anakonda cotere sewero la zidole za zinyalala? Ine ndiona kuti cifukwa cake ciri m'nthano ija ya Joel. Iye sangathe kuzimitsa filimu, sangathe kusankha yoonera, sangathe kuthawa. Cimene cimamupulumutsa kuti asapenge ndi zinthu ziwiri: saonera yekha, ndipo sakhala cete. Dr. Forrester amafuna munthu wokhala yekha mumdima, womeza ciri conse cimene aponyeredwa. Joel amamgonjetsa popanda mfuti, pongokhala ndi anzake ofunsana nao kuti, "Kodi waona cimene ndaona ine?"

Kaoneredwe kotere si kacilendo kwa ife. Hortense Powdermaker, mai wa ku America wofufuza za cikhalidwe ca anthu, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake lochedwa Copper Town anafotokoza mmene anthu a pa mgodi anali kuonera mafilimu pabwalo usiku. Sanali kukhala cete ai. Anali kuimirira, kufuula, kucenjeza kauboyi wao, amene anali kumucha Jack m'filimu iri yonse, ndi kufotokozerana nkhaniyo m'zinenero zao, naweruza okha khalidwe la anthu a m'filimumo. Makolo athu amenewo anali kudziwa kuti kanema ndi cinthu copangidwa ndi anthu, cimene munthu angaciyankhe. Pamene wailesi ya kanema inalowa m'nyumba, ndipo pambuyo pake foni inalowa m'thumba la mwana ali yense, ambiri tinasanduka monga momwe Dr. Forrester anafunira: ali yense pa ngodya yake, maso pa galasi, pakamwa pali tseke.

MST3K sinali kuseka zirombo za mphira zokha. Filimu ikacepa, anali kuyamba ndi timafilimu tatifupi ta maphunziro, timene tinali kuonetsedwa m'masukulu a ku America m'zaka za m'ma 1950. Kamodzi mwa ito, A Date with Your Family ka 1950, kamaphunzitsa banja kadyedwe ka cakudya ca madzulo: amai ndi mwana wamkazi avale bwino kuti akondweretse maso a amuna a m'nyumbamo, ana alonjere atate ngati kuti akondweradi kuwaona, ndipo pa thebulo pasachulidwe nkhani iri yonse yovuta kapena yokhudza mtima. Mau a wofotokoza ndi aulemu ndi otsimikiza, moti mwana wa sukulu sakanalimba mtima kuwakayika. Koma mitu itatu ija ikayamba kuyankha, woonera amazindikira kuti akuphunzitsidwa banja la ciphamaso, kumene anthu amamwetulirana koma sauzana za kukhosi. Apa mpamene pali phindu leni-leni la seweroli. Munthu amene waphunzira kuona zipi pamsana pa cirombo amaphunziranso kuona zipi pamsana pa wotsatsa malonda, pa wandale wolonjeza mvula, ndi pa ali yense wolankhula mokoma kucokera m'galasi. Ndipo ndalama zambiri sizitchinjiriza bodza. Mafilimu a masiku ano amadya madola mamiliyoni mazana, zipi zao sizioneka ndi maso, koma funso likadali lomwelo: kodi akufuna kuti ndikhulupirire ciani?

Kuseri kwa cigoba kuli munthu

Tsopano funso laciwiri, limene ndi lolemera koposa. Filimu iri yonse imene inasekedwa inapangidwa ndi anthu eni-eni, ena a iwo ali moyo pa nthawiyo, okhala ndi ana ndi adzukulu oonera kanema.

Nkhani yochuka koposa ndi ya Manos: The Hands of Fate. Imeneyi si ya sayansi koma ya zoopsa, ndipo liu lakuti manos si mano a m'kamwa, ndi manja m'cinenero ca ku Spain. Anaikonza mu 1966 ndi Harold P. Warren wa ku El Paso m'dera la Texas, wogulitsa inshuwalansi ndi feteleza, amene anapikisana ndi wolemba mafilimu wochuka, Stirling Silliphant, kuti kukonza filimu si cinthu covuta. Anasonkhanitsa madola pafupi-fupi 19,000, naitana anthu ocita masewero a m'mzindamo. Kamera yake inali yopukusa ndi dzanja, yotha kujambula masekondi 32 okha pa nthawi imodzi, ndipo sinali kugwira mau, cotero mau onse anaikidwamo pambuyo pake ndi anthu owerengeka. Ocita seweroli analonjezedwa gawo la phindu limene silinabwere. Amene analandirapo kanthu anali awiri okha: kamtsikana Jackey Neyman kanapatsidwa njinga, ndipo galu wa kwao anapatsidwa thumba la cakudya. Pa 15 Novembala 1966, tsiku loionetsa koyamba, akulu-akulu a mzindawo anabwera atavala bwino. Filimu itayamba anthu anayamba kuseka, ndipo ena mwa ocita seweroli anaturuka mwakacetecete isanathe. Kamtsikana kaja kanalira pomva kuti pakamwa pake pakuturuka mau a munthu wamkulu.

Filimuyo inaiwalika zaka 26, kufikira pa 30 Januwale 1993, pamene MST3K inaiulutsa. Inali yoipa moti ngakhale asayansi oipa mtima aja, m'kati mwa sewerolo, anapepesa kwa Joel. Kuyambira tsiku limenelo Manos inachuka pa dziko lonse. Jackey Neyman Jones, atakula, anailandira mbiri imeneyi ndi manja awiri, pakuti inamubwezera filimu imene atate ake anacitamo ndiponso imene amai ake anasokera zovala zake. Mu 2016 analemba buku la zimene amakumbukira. Mnyamata wina, Ben Solovey, anapeza filimu yoyambirirayo mu 2011, naikonzanso mwaluso ngati cuma ca mtengo wapatali. Cotero kuseka kunaukitsa cinthu cimene ulemu unali utacisiya m'manda.

Koma m'filimu yomweyo muli Torgo, wanchito wa maondo otupa ndi kalankhulidwe konjenjemera, amene oonera amamuseka koposa onse. Amene anacita mbali imeneyo anali John Reynolds, mnyamata wa zaka 25, amene anadzipha mu Okutobala 1966, kutatsala mwezi umodzi kuti filimuyo ionetsedwe. Si kuseka kwa anthu kumene kunamupha, pakuti iye sanakumve. Komabe munthu ukadziwa zimenezi, kuseka kwako kumasintha. Umasekabe maondo aja, koma umakumbukira kuti m'kati mwa covalaco munali mwana wa munthu, wosenza katundu amene anzake sanamuone.

Kevin Murphy analemba kuti tsiku lina anakumana ndi Kurt Vonnegut, mlembi wamkulu wa mabuku amene iye anali kumulemekeza, namufotokozera za nchito yake. Vonnegut sanakondwere. Anamuuza kuti ngakhale anthu okhetsa thukuta pa mafilimu oipa ayenera kupatsidwako ulemu. Mkuluyo sanalakwe. Nyimbo za mu Robot Monster anapeka ndi Elmer Bernstein, yemweyo amene patapita zaka zitatu anapeka nyimbo za mu The Ten Commandments. Mu It Conquered the World ya 1956, imene cirombo cake cimaoneka ngati nkhaka ya mano, muli Lee Van Cleef, amene okonda mafilimu a makauboyi amamdziwa bwino. Woikonza, Roger Corman, ndiye anapatsa nchito zoyamba anthu onga Francis Ford Coppola, Martin Scorsese ndi James Cameron, ndipo mu 2009 analandira mphoto yaulemu ya Oscar. Amene lero wavala cigoba ca mphira, mawa angakhale mphunzitsi wa onse. Ndipo Warren, ndi kulephera kwake konse, anatsiriza filimu, cinthu cimene ambiri omuseka sanayesepo.

Kodi tsono MST3K inalakwa? Nthawi zina inde. Pamene anali kuseka filimu ya Mitchell ya 1975, nthabwala zambiri zinagwera pa kunenepa kwa Joe Don Baker, ndipo pamenepo sanalinso kuseka nchito koma thupi la munthu. Koma kawiri-kawiri anali kudziwa malire. Anali kuseka ulesi wa wolemba amene sanasamale nkhani yake, umbombo wa kampani yogulitsa cithunzi m'malo mwa filimu, ndi kudzikuza kwa ngwazi yolankhula ngati yanzeru pamene ikucita zopusa. Koposa zonse, iwo eni anali kuoneka osauka monga mafilimu amene anali kuwaseka. Combo cao cinali ca zidutswa zomatidwa ndi guluu, zidole zao nthawi zina zinali kuguluka mitu pakati pa sewero. Anyani amasekana zikundu, ndipo anyani awa anali kudziwa kuti nawonso ali naco.

Ife tiri naco citsanzo cabwino ca kuseka kotere, ndico cimbuya ca pakati pa Angoni ndi Abemba. Mbuya wako angakunene mau amene mlendo atawanena pangakhale mlandu, ndipo iwe umangoseka nubwezera. Cifukwa cake nciani? Cifukwa mumadziwana, nonse awiri muli ndi ufulu woyankha, ndipo pa tsiku la maliro wokusekayo ndiye amafika msanga kudzagwira nchito ndi kupeputsa cisoni. Kuseka kwa cimbuya kumamanga cifukwa pansi pake pali ubale. Citonzo cimasiyana naco pa zinthu zitatu: cimagwera munthu amene sangathe kuyankha, cimalasa cimene munthu sangathe kucisintha, monga thupi, umphawi kapena kalankhulidwe, ndipo wotonzayo amadziika pamwamba.

Zimenezi nzofunika kuzinena masiku ano, pakuti tsopano ali yense wokhala ndi foni wasanduka mutu wa kutsogolo kwa kanema. Pa Facebook, pa TikTok ndi pa WhatsApp anthu amatumizirana timavidiyo ta woimba amene mau amuthawa, ta mkwati amene wagwa povina, ta nkhalamba imene yaphonya Cingerezi, nalemba pansi pake mau oseketsa. Koma awa si mafilimu a zaka 40 zapitazo, opangidwa kuti agulitsidwe. Ndi anthu amoyo, amene mawa adzapita kumsika ndipo ana ao adzapita kusukulu. Olemba a MST3K anali kuonera filimu kangapo asananene liu limodzi. Ife timaona masekondi khumi, tisakudziwa ciyambi kapena mathero a nkhani, ndipo caweruzidwa kale. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Cotero, makolo anzanga, lamulo lija lakuti kanema akayamba pakamwa patsekedwe tiyeni tilifewetse. Khalani pansi muonere pamodzi ndi ana anu, ndipo musaope kuyankha galasilo. Mwana akafunsa kuti, "Atate, kodi munthu angalumphe cotere osathyoka mwendo?" musamukalipire, pakuti wayamba kuona zipi. Mufunseni inunso: kodi wotsatsa malonda uyu akufuna ciani kwa ife? Kodi mnyamata uyu, amene filimu ikumucha ngwazi, mukanakonda kuti akwatire mlongo wanu? Sekani pamodzi pamene pali poseketsa, pakuti banja loseka pamodzi silimezedwa msanga ndi bodza. Koma pamene kuseka kwayamba kulunjika pa cilema, pa umphawi kapena pa manyazi a munthu, khalani inu oyamba kuleka, ndipo anawo aone kuti mwaleka. Adzaphunzira kwa inu zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: kuti sayenera kukhulupirira ciri conse coturuka m'kanema, ndi kuti m'kati mwa covala ca gorila muli munthu amene akumva kutentha, amene madzulo adzacivula napita kwao kukadya ndi ana ake.